Mmene mungafufuzire dzina la chomera mpaka kukafika ku Proto-Finnic

Proto-Finnic ndi chinenero kholo cha Chifinishi, Chiestonia, Chikarelia, Chiveps, Chilivonia, zinenero za kummwera kwa Estonia monga Chivõro ndi Chiseto, komanso zina zing'onozing'ono za m'dera lomwelo. Chinkayankhulidwa m'madera ozungulira Gulf of Finland, ndipo akatswiri ambiri amati chinayamba kugawikana zaka pafupifupi 2000 zapitazo. Palibe anachilemba. Mawu ake timachita kuwabwezeretsa poyerekeza zinenero zimene chinabereka, n'chifukwa chake amayamba ndi kanyenyezi: *haapa, *toomi, *rugis. Kanyenyeziko kamachenjeza kuti mawuwo sanapezeke m'cholembedwa chilichonse, koma umboni ndi umene watifikitsa pamenepo.

Mayina a zomera ndi abwino kuphunzirirapo ntchitoyi chifukwa anabwera mosanjikizana. Mitengo ya m'nkhalango ili ndi mayina akale kwambiri, mbewu zambiri za kumunda zinabwera ndi mayina a anthu oyandikana nawo, pomwe zipatso za m'dimba zinafika posachedwa. Koma dzina silinena lokha msinkhu wake. Limatha kuoneka lakale lili latsopano, kapena kuoneka ngati lobwereka lili la pakhomo pomwepo. Chofunika kugwiritsa kuyambira pachiyambi ndi ichi: mpangidwe umene dikishonale yaika pamutu ndi umene nthawi zambiri unasintha kwambiri. Mbiri ya dzina imabisala mu tsinde lake, ndipo tsindelo limaoneka pokhapokha dzinalo likapatsidwa mathero.

Pa Chifinishi, buku loyambira ndi Suomen sanojen alkuperä, la mavoliyumu atatu, lotuluka pakati pa 1992 ndi 2000. Pa Chiestonia pali Eesti etümoloogiasõnaraamat la 2012, lomwe lili pa intaneti. Mawu obwereka akale ochokera ku zinenero za Germanic, banja la Chijeremani ndi Chiswidishi, anasonkhanitsidwa mu dikishonale imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti LÄGLOS, ya 1991 mpaka 2012. Dikishonale ya Károly Rédei ya zinenero za Uralic, banja lalikulu limene Proto-Finnic ndi nthambi yake imodzi, imathandiza kupeza abale akutali, koma mavawelo ake musawakopere mwachimbulimbuli, chifukwa ntchito za Juha Janhunen, Pekka Sammallahti ndi Ante Aikio zinasintha kamangidwe ka mawu ambiri. Powerenga, j mumutchule ngati y wa m'Chichewa, y wa Chifinishi ndi yemweyo amene ena amalemba ü, š ndi sh, č ndi tch, ndipo lembo lobwerezedwa limatchulidwa motalika.

Yambani ndi mipangidwe itatu

Musanayerekeze ndi chinenero china, lembani dzinalo m'mipangidwe itatu: nominative, umene uli pamutu mu dikishonale, genitive, wosonyeza umwini, umene mu Chifinishi umatha ndi n, ndi partitive, wosonyeza gawo la chinthu kapena kuchuluka kosawerengeka. Amene wadumpha sitepe iyi amasochera pa dzina loyamba lomwe.

Taonani kuusi. Mu Chifinishi mawu amenewa ndi dzina la mtengo wa spruce, komanso ndi nambala 6. Pa nominative simungawasiyanitse. Mukawapatsa mathero, mtengo umakhala kuusen ndi kuusta, pomwe nambala imakhala kuuden ndi kuutta. Ndiye kuti s wa mtengo ndi wakalekale, koma s wa nambala anali t. Chinachitika n'chakuti e wa kumapeto kwa mawu anasanduka i, kenaka t aliyense wotsatiridwa ndi i anasanduka s. Nambalayo inali *kuute, inakhala *kuuti, n'kudzakhala kuusi. Mu genitive e sanali kumapeto, motero sanasinthe, ndipo t anapulumuka. Chisami cha kumpoto, mbale wapataliko wa zinenero za Finnic, chikuvomereza: mtengo ndi guossa, nambala ndi guhtta.

Phunziro lake limagwira mayina ambiri a zomera. Dzina lotha ndi i limene genitive wake ali ndi e ndi la gulu lakale: tuomi ndi tuomen, mtengo wa bird cherry, tammi ndi tammen, mtengo wa oak, juuri ndi juuren, muzu, kuori ndi kuoren, khungwa, niini ndi niinen, luzi, lehti ndi lehden, tsamba. Dzina lotha ndi i limene i wake sasintha nthawi zambiri ndi mlendo wa posachedwa: maissi ndi maissin, chimanga; tomaatti ndi tomaatin. Mayeso amenewa satha mphindi imodzi, koma amachotsa mawu ochuluka amene sangakhale a Proto-Finnic.

Wina angafunse kuti nanga lehti bwanji sanakhale lehsi. Lamulo la ti kusanduka si silinkagwira ngati t watsogoleredwa ndi s, t kapena š. Tsamba linali *lešte, monga Chisami lasta chikusonyezera, ndipo š ameneyo ndi amene anateteza t asanadzasanduke h. Choncho lehti si mawu ophwanya lamulo. Ndi umboni woti h wake anachokera ku konsonanti ina.

Partitive nayenso ali ndi chonena. Mayina ena a gulu la e amataya vawelo n'kulandira mathero pa konsonanti penipeni: juurta, kuorta, niintä, kuusta. Zimenezi zimachitika kwambiri tsinde likatha ndi r, l, n, s kapena h. Ena amasunga vawelo: tammea, tuomea, lehteä. Lembani gulu la dzina lanu, chifukwa Chiestonia chimasunga kusiyana komweku, monga juurt ndi koort pambali pa tamme, ndipo kugwirizana kotereku ndi umboni wamphamvu kuposa kungofanana kwa nominative.

Itanani abale, ndipo aliyense mumubwezere zimene anataya

Dzina lopezeka mu Chifinishi ndi Chikarelia chokha silinafike ku Proto-Finnic, chifukwa zinenero ziwirizi n'zoyandikana kwambiri ndipo zakhala zikubwerekana mawu. Funani umboni wochokera kumpoto ndi kummwera komwe. Mboni zolemera kwambiri ndi Chivõro ndi Chilivonia, popeza nthambi zimenezi ndi zimene zinayamba kupatuka. Udzu wouma wodyetsa ziweto ndi heinä mu Chifinishi ndi hein mu Chiestonia, koma Chivõro chimati hain ndipo Chilivonia chimati āina. Mukanangoyang'ana zinenero zikuluzikulu ziwirizo, simukanadziwa kuti panali mpangidwe wa ai.

Chinenero chilichonse chili ndi chizolowezi chake chosintha mawu, ndipo muyenera kuchibweza m'mbuyo musanayerekeze.

Chifinishi chimasunga bwino mavawelo a kumapeto, koma chinathyola mavawelo atatu aatali: oo anakhala uo, ee anakhala ie, öö anakhala yö. Mukaona tuomi pambali pa Chiestonia toomingas, kapena siemen, mbewu, pambali pa seeme, tengani vawelo ya Chiestonia: *toomi, *seemen.

Chiestonia chinadula vawelo yomaliza ngati phatikizo loyamba ndi lalitali: haab, lepp, tamm, leht. Chinaisunga ngati phatikizolo ndi lalifupi: paju, mtengo wa willow; iva, njere. Vawelo yodulidwayo mumaipeza mu genitive, haava, lepa, tamme, lehe, ngakhale kuti n wa genitive anatayika. Chinasiyanso lamulo lakuti mavawelo a m'mawu amodzi azigwirizana, n'chifukwa chake lepa ndi heina ali ndi a pomwe Chifinishi chili ndi ä mu lepän ndi heinän. Pa vawelo yachiwiri khulupirirani Chifinishi. Samalaninso ndi õ. Nthawi zina amaima pamalo pa o, monga õlg pambali pa olki, phesi louma la mbewu, kapena kõiv pambali pa koivu, mtengo wa birch. Koma oks, nthambi, anasunga o ngati Chifinishi oksa. Ndipo kalembedwe ka Chiestonia kamabisa zina: tamme wa genitive ndi tamme wa partitive amalembedwa chimodzimodzi, koma wachiwiriyo amatchulidwa motalika kwambiri.

Chiveps chinafupikitsa mavawelo aatali, motero puu ndi pu, haapa ndi hab. Koma pa makonsonanti a pakati ndi pa mathero, Chiveps ndi Chikarelia ndi mboni zofunika kwambiri. Mbewu ya oats mu Chifinishi ndi kaura, mu Chiestonia ndi kaer. Awiriwa paokha sakuuzani kanthu. Chikarelia kagra ndi Chiveps kagr akuulula kuti pakati panali k, ndipo kumidzi ya kum'mawa kwa Finland anthu amanenabe kakra. Mpangidwe wa kholo ndi *kakra. Kuti mutsimikize kuti sizinangochitika mwangozi, funani mawu ena oyenda njira yomweyo. Alipo: turnip ndi nauris mu Chifinishi, naeris mu Chiestonia, nagris mu Chikarelia, kuchokera ku *nakris. Kusintha kumene mwakupeza m'mawu amodzi okha musakuwerengere ngati lamulo.

Barele ndi wovutirapo. Kumadzulo kwa Finland amati ohra, kum'mawa otra, Akarelia amati osra kapena ozra, Aveps ozr, Aestonia oder ndi odra. N'kovuta kuti konsonanti imodzi ibereke h, t ndi s pamodzi, n'chifukwa chake mabuku ambiri amalemba *ostra, ndi makonsonanti atatu pakati, ndipo dera lililonse linafewetsa mulu umenewo m'njira yakeyake.

Konsonanti yofooka ndi yolimba

Apa ndi pamene oyamba kumene amataya nthawi yambiri. Mu Proto-Finnic, p, t ndi k zinkafooka zikakhala kumayambiriro kwa phatikizo lotsekedwa ndi konsonanti, ndipo zinkakhala zolimba phatikizolo likatha ndi vawelo. Akatswiri amati consonant gradation. Mu haapa, mtengo wa aspen, phatikizo pa ndi lotseguka. Mukaika n wa genitive limatsekeka, p amafooka kukhala *b, amene mu Chifinishi anadzakhala v: haavan. Chimodzimodzi papu ndi pavun, nyemba. Lehti ndi lehden. Olki ndi oljen. Mänty ndi männyn, paini. Makonsonanti obwerezedwa amafupika: leppä ndi lepän, mtengo wa alder, kukka ndi kukan, duwa. Chiveps chilibe kusinthaku, ndiye mukakayika kuti konsonanti yoyambirira inali iti, chifunseni.

Ngozi yake ndi yoti mawu osiyana amakumana pa mpangidwe wofooka. Haavan ndi genitive wa haapa, komanso ndi genitive wa haava, chilonda. Chiestonia chili ndi msampha womwewo: haab ndi haav onse amakhala haava. Mukapeza dzina la malo loyamba ndi Haava, musathamangire kunena kuti panali mitengo ya aspen musanaone umboni wina.

Mayina otha ndi konsonanti amachita motembenuza, ndipo chitsanzo chokoma ndi ruis, mbewu ya rye. Genitive wake ndi rukiin. Kodi k akuchokera kuti? Kholo lake ndi *rugis. Phatikizo lachiwiri linali lotsekedwa ndi s, motero konsonanti inali yofooka, *g, ndipo Chifinishi chinadzaitaya: ruis. Mu genitive, *rukihen, phatikizo ki linali lotseguka, k anakhala wolimba. Pamenepo s anali atasanduka h pakati pa mavawelo, ndipo h atadzagwa mavawelo anaphatikana n'kupanga rukiin. Chiestonia rukis ndi Chiveps rugiž anasunga konsonanti imene nominative wa Chifinishi anataya. Amene akanayamba ndi ruis yekha sakanaona n'komwe kuti dzinali ndi lofanana ndi Germanic *rugiz.

Herne, nsawawa, ali ndi nkhani yofanana. Chikarelia ndi Chiveps zimati herneh. Mu Chifinishi h womalizayo salembedwa, koma sanachoke osasiya phazi: genitive ndi herneen, kuchokera ku *hernehen, partitive ndi hernettä, ndipo msuzi wa nsawawa umene Afinishi amakonda kudya Lachinayi umalembedwa hernekeitto koma pakamwa umamveka hernekkeitto, k atabwerezedwa. Dzina lililonse la Chifinishi lotha ndi e mulikayikire kuti linali ndi konsonanti kumapeto.

Kupeza kumene dzina linachokera

Mukamanga mpangidwe wa Proto-Finnic, funso lotsatira ndi loti unabadwira m'banja kapena unabwerekedwa. Yang'anani kaye m'banja lalikulu la Uralic. Puu, mtengo, ali ndi abale mpaka ku Chihungary fa ndi Chikomi, cha ku Russia, pu. Tuomi ali ndi Chisami duopma ndi Chikomi ľöm. Petäjä, dzina lakale la paini, likugwirizana ndi Chisami beahci ndi Chierzya piče, ndipo likusonyeza lamulo lina, lakuti č wakale anasanduka t. Kuusi ndi koivu ndi a gulu lomweli. Si zodabwitsa kuti ndi mitengo ya m'nkhalango zozizira za kumpoto.

Pali gulu lachiwiri limene abale ake ambiri amathera ku mtsinje wa Volga ku Russia, ku Chierzya, Chimoksha ndi Chimari. Tammi ali ndi Chierzya tumo. Vaahtera, mtengo wa maple, ali ndi Chierzya ukštor ndi Chimari vaštar. Pähkinä, mtedza wa m'mitengo, ali ndi Chimari pükš. Vehnä, tirigu, ali ndi Chierzya viš. Haapa ali ndi Chimari šopke ndi Chisami suhpi. Onani mmene š akubwerera mobwerezabwereza pamene Chifinishi chili ndi h. Popeza yambiri mwa mitengoyi ndi ya masamba aakulu ya m'madera ofunda pang'ono, ndipo mawuwo ali ndi kamangidwe kachilendo, akatswiri ena amati anatengedwa ku zinenero zimene zinkayankhulidwa kumeneko kale n'kuzimirira.

Lamulo la š kusanduka h ndi chida chanu chachikulu choyezera zaka. Mawu amene analowa kusinthaku kusanachitike anasintha nawo, ndipo olowa pambuyo pake sanakhudzidwe. Mawu obwereka ku zinenero za Baltic, banja la Chilithuania ndi Chilatvia, omwe alipo pafupifupi 200 ndipo Vilhelm Thomsen anawafotokoza mwadongosolo mu 1890, analowa kusinthako kusanachitike. Heinä akufanana ndi Chilithuania šienas, herne ndi žirnis, tuohi, khungwa la birch, ndi tošis. Siemen ndi wa gulu lomweli, pambali pa Chilithuania sėmenys, njere za fulakesi. Mawu ochokera ku Slavic, banja la Chirasha, anachedwa: supuni ndi lusikka, yofanana ndi Chirasha ložka, ndipo ž wake anakhala s, osati h, chifukwa khomo lija linali litatsekeka. Papu, wochokera ku Slavic bob, ndi wa nthawi yochedwayo.

Tuohi ndi woyenera kumuyang'anitsitsa, chifukwa malamulo atatu akukumana mwa iye. Genitive tuohen ndi partitive tuohta akumuika m'gulu lakale la e. Chiestonia toht chikusonyeza kuti uo si woyambirira, motero timamanga *toohi. Ndipo h akutibwezera ku *š, amene akutifikitsa pa tošis ndi Chilatvia tāss. Tanthauzo silinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo chinthucho chinali cha ntchito tsiku ndi tsiku: ankafolerera nyumba, kulukira nsapato ndi zotengera, ngakhale kulembapo. Cholembedwa chakale kwambiri m'chinenero cha banja la Finnic ndi kachidutswa ka khungwa lomweli, kalata nambala 292 ya ku mzinda wa Novgorod ku Russia, ya m'zaka za m'ma 1200, yomwe inafukulidwa mu 1957.

Mawu obwereka akale a Germanic ndi ochuluka kuposa a Baltic, pafupifupi 500, ndipo ambiri ndi a ulimi: ruis, kaura, akana, mankhusu, wofanana ndi ahana wa m'Chigothic, chinenero chakale cha Germanic, pamodzi ndi pelto, munda, aura, khasu la ng'ombe, ndi leipä, buledi. Pano yang'anani h wa kumayambiriro. *Kakra akufanana ndi hagri, dzina la oats m'chinenero chakale cha pachilumba cha Gotland ku Sweden. Mawu amene analowa Proto-Finnic isanakhale ndi h wakewake anatenga k m'malo mwake, pomwe olowa mochedwa, monga hamppu, chomera cha hemp chopangira zingwe, anasunga h. Jyvä, njere, ndi wakale kuposa onsewa: akufanana ndi yava, barele, wa m'Sanskrit, chinenero chakale cha ku India.

Poyerekeza ndi gwero, kumbukirani kuti Proto-Finnic inalibe b, d ndi g kumayambiriro kwa mawu, ndipo sinkalola makonsonanti awiri kuyamba mawu. Choncho bob anakhala papu, ndipo Chilithuania dagys, chomera cha minga, chikufanana ndi takiainen ndi Chiestonia takjas, chomera chokakamira zovala. Pa mulu wa makonsonanti, womaliza yekha ndi amene ankatsala, monga *hlaibaz anakhalira leipä.

Pamene anthu amagwera

Lamulo lomalizali linapitirira kugwira ntchito mu Chifinishi kwa zaka mazana ambiri Proto-Finnic itatha, ndiye siliyeza zaka. Luumu, chipatso cha plum, amaoneka ngati mawu a makolo, koma anachokera ku Chiswidishi, chimene lero chimati plommon. Chiestonia chili ndi ploom, amene chinabwereka pachokha ku Chijeremani cha kumpoto. Mawu awiriwa ali ndi agogo amodzi kunja, koma sanadzere m'nyumba imodzi, ndipo pl wa Chiestonia ndi amene akuulula. Kumanga mpangidwe wa Proto-Finnic pa mawu awiriwa n'kulakwitsa. Mbatatesi ndi yosavuta: Chifinishi peruna anachokera ku Chiswidishi päron, Chiestonia kartul ku Chijeremani Kartoffel, ndipo mbewuyo inafika ku Finland m'zaka za m'ma 1700. Nthawi zonse funsani kuti chomeracho chinafika liti.

Mathero akale nawonso amanamiza. Kirsikka, chipatso cha cherry, wavala kka ngati mustikka ndi puolukka, zipatso za m'tchire za bilberry ndi lingonberry, koma tsinde lake ndi lobwereka posachedwa. Mawu ena anapangidwa dala ndi anthu ophunzira. Elias Lönnrot, polemba buku la zomera za ku Finland la 1860, anakhazikitsa mawu a sayansi monga hede ndi emi, ziwalo za mphongo ndi za thadzi za duwa. Ngakhale kasvi, dzina la chomera chilichonse, ndi la m'zaka za m'ma 1800, lopangidwa kuchokera ku mneni kasvaa, kukula. Chiestonia chimati taim, pomwe Chifinishi taimi ndi mbande chabe.

Tanthauzo limatha kusuntha mpangidwe uli pomwepo. Kask mu Chiestonia ndi mtengo wa birch, koma kaski mu Chifinishi ndi munda wotsegulidwa podula mitengo n'kuitentha. Ndi mawu amodzi, ndipo amakumana pa mitengo ya masamba imene inkagwetsedwa pa ulimi woterewu. Leppä kumidzi ina ankatanthauzanso magazi, chifukwa mtengowu ukadulidwa umafiira, ndipo tanthauzolo likumvekabe m'dzina la kachirombo kofiira ka madontho, leppäkerttu mu Chifinishi ndi lepatriinu mu Chiestonia. Mänty amagwirizanitsidwa ndi mäntä, kamtengo kopukusira phala kamene ankasema kunsonga kwa paini wamng'ono, kusiya tinthambi take ngati mano. Ngati n'choncho, chida ndi chimene chinapatsa mtengo dzina. Kusuntha kwa tanthauzo kotere kuvomerezeni pokhapokha mukatha kusonyeza ntchito yeniyeni imene inalumikiza matanthauzo awiriwo.

Pomaliza pa misampha, kufanana sikunena kuti wabwereka ndani. Kataja, mtengo wa juniper, ali ndi Chiestonia kadakas ndi Chiveps kadag, zomwe zikupereka *kataga. Chilithuania chili ndi kadagys. Akatswiri akhala akutsutsana pa amene anatenga kwa mnzake. Mafunso othandiza ndi awiri: kodi mawuwo ali ndi abale m'banja la mbali iti, ndipo kodi mathero ake amafotokozeka m'chinenero chiti?

Kugwiritsa ntchito dzinalo

Zinenero za Finnic zilibe magulu a mayina. M'Chichewa, msuku ndi masuku zimasiyana ndi chiyambi cha mawu, koma kumeneko ntchito imeneyi imagwiridwa polumikiza mayina awiri kapena poika mathero. Ngati dzina loyambira ndi la chipatso, mtengo umapangidwa powonjezera puu: omena ndi omenapuu, õun ndi õunapuu, apozi ndi mtengo wake. Ngati ndi la mtengo, chipatso chimatenga genitive: pihlajanmarja, chipatso cha rowan, koivunlehti, tsamba la birch. Chinthu chopangidwa kuchokera ku mbewu chimatenga nominative: ruisleipä, buledi wa rye, kaurapuuro, phala la oats.

Partitive anali ndi mathero *ta kapena *tä, amene ankafooka kukhala *da kapena *dä akatsatira vawelo yaifupi yopanda mphamvu. Puuta anasunga t. *Koivuda anataya d mu Chifinishi n'kukhala koivua, pomwe Chiveps chinataya vawelo n'kusunga d: koivud. Mpangidwe umenewu ndi umene umamveka kwambiri pa zomera, popeza mbewu ndi zipatso siziwerengedwa imodziimodzi: kylvää ruista, kufesa rye, poimia marjoja, kuthyola zipatso za m'tchire. Umatsatiranso manambala opitirira 1, dzina lili pa chimodzi: kolme koivua, mitengo itatu ya birch.

Pochulukitsa, nominative amatenga t, ndipo popeza t amatseka phatikizo, konsonanti imafooka: haavat, lepät, männyt. Mipangidwe ina imatenga i, amene amasintha vawelo ya tsinde. E ndi ä zimagwa: lehtiä, juuria, leppiä, heiniä. U ndi y zimakhala, i n'kusanduka j: koivuja, mäntyjä. Pa mayina a maphatikizo awiri otha ndi a, yang'anani vawelo yoyamba. Ikakhala a, e kapena i, a womaliza amasanduka o: haapoja, marjoja, kauroja. Ikakhala o kapena u, a amagwa: oksia, ohria, kukkia. Ndipo i yemweyu amabwezeretsa chisokonezo cha kuusi, chifukwa mtengo ndi nambala zonse zimakhala kuusia. Kuti musiyanitse, gwiritsani ntchito kuuset ndi kuudet.

Mathero opangira mayina atsopano amafunika kuwavula musanafufuze tsinde. Kka wa Chifinishi amayenderana ndi kas wa Chiestonia: mustikka ndi mustikas, kuchokera ku musta, chakuda. Puolukka mukamuvula mumapeza puola, amene ali pafupi ndi Chiestonia pohl ndi Chikomi pul. Nthawi zambiri zinenero ziwiri zimagwirizana pa tsinde koma zimasiyana pa mathero, monga pihlaja ndi pihlakas, muurain ndi murakas, chipatso cha cloudberry. Zikatero, kanyenyezi kaikeni pa tsinde lokha, ndipo mathero muwalembe padera ndi chinenero chake.

Malo amene pamera mitengo ya mtundu umodzi amatchulidwa ndi ikko kapena ikkö mu Chifinishi, ndi ik mu Chiestonia: kuusikko ndi kuusik, haavikko ndi haavik, tammikko ndi tammik. Kk amatseka phatikizo, motero tsinde limakhala lofooka, haav osati haap. Palinso sto, monga mu koivisto, nkhalango ya birch, lomwenso ndi dzina la Mauno Koivisto, pulezidenti wa Finland kuyambira 1982 mpaka 1994. Posankha pakati pa ikko ndi ikkö, musayang'ane dzina loyambira koma mavawelo amene atsala. Mänty amasiya ä, ndiye amapanga männikkö. Leppä amataya ä wake, n'kutsala e ndi i, mavawelo osakondera mbali, ndiye mpangidwe wolondola ndi lepikko, ndipo Chiestonia chimati lepik.